Tsokonombwe Adatha Mtunda ndi Kudumpha

Aliyense amene adaonererapo mpikisano wa liŵiro pabwalo la sukulu kwa Malomo, ku Mponela kapena paboma la Ntchisi amamdziŵa mnyamata wa mtundu uwu. Ndi wadzitho, ndipo m'mudzi mwao amamtama chifukwa amasenza yekha thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndiponso akagwira khasu mbandakucha saŵeruka mpaka dzuŵa litafika paliwombo. Akamva kuti kuli mpikisano amalembetsa dzina kutatsala tsiku limodzi, poti saona chifukwa chokonzekerera. Woyambitsa mpikisano akangoimba kherere, iye amachoka ngati muvi, ndipo ulendo woyamba wozungulira bwalo amakhala patsogolo pa onse, amai akululutira. Pofika ulendo wachinai miyendo yayamba kulemera. Ulendo wachisanu ndi chimodzi amapezeka ali pansi pa mtengo, atagwira m'nthiti, akupuma ŵefuŵefu. Wopambana amakhala kamnyamata koonda kamene palibe adakaganizira, kamene kwa miyezi ingapo kakhala kakuthamanga pang'onopang'ono popita kusukulu.

Anthu pobwerera kwao amati wadzithoyo adachita tsoka, ndipo ena amanong'ona kuti adammanga miyendo ndi mankhwala. Chidamgwetsa ndi kusakonzekera basi. Mphamvu zonyamulira katundu ndi kupirira pamtunda wautali ndi zinthu ziŵiri zosiyana, ndipo kupirira kumalimidwa monga mbeu, imene palibe angaifulumize kuti iche tsiku limodzi. Munthu amene sadathamangepo, ngati afuna kuloŵa mpikisano wa makilomita 5, ayenera kudzipatsa masabata osachepera 9, ayambe ndi kusakaniza kuyenda ndi kuthamanga, ndipo asanachite zonsezi ayambe waonana ndi achipatala. Wochita motero amaoneka wochedwa pamaso pa anzake, koma ndiye amene amafika, nabwerera kunyumba ali bwinobwino.

Kodi mlimi afuniranji kuphunzira kuthamanga?

Ambiri anganene kuti nkhani imeneyi ndi ya anthu am'tauni, amene amakhala pampando tsiku lonse. Munthu wa kwa Nthondo kapena kwa Kasakula amakwera zitunda tsiku ndi tsiku popita kumunda, kuchigayo ndi kumsika, tsono angaphunzirenso chiyani? Mauŵa ali ndi nzeru zake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2020 kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo mlimi wa khasu kapena mai wotunga madzi kutali amapyola muyeso umenewu osadziŵa n'komwe. Palibe amene akukakamiza munthu wotere kuti azithamanga.

Komabe ofuna kuthamanga alipo ndipo akuchuluka. Alipo ana a sukulu amene aphunzitsi amaŵasankha kuti akapikisane ndi sukulu zina. Alipo anyamata ndi atsikana ofuna kuloŵa usilikali, amene amadziŵa kuti kumeneko liŵiro limayesedwa. Ena amamva pawailesi za mpikisano wa Be More umene banki ya Standard idayambitsa ku Lilongwe mu 2017, wokhala ndi mitunda ya makilomita 5, 10 ndi 21, kapena za mpikisano wa paphiri la Mulanje umene umayambira ku Likhubula ndi kupyola makilomita 20. Aliponso ogulitsa m'magolosale ndi oyendetsa njinga zamoto za kabaza, amene masiku ano amakhala pansi nthaŵi yaitali, ndipo achipatala adaŵauza kuti achepetse thupi. Onseŵa ayenera kudziŵa kuti kulima ndi kuyenda kumapatsa munthu maziko abwino, koma pothamanga phazi limamenya pansi ndi mphamvu yoposa kaŵiri kulemera kwa thupi lonse, ndipo limatero kambirimbiri pa kilomita iliyonse. Ntchito imeneyi thupi liyenera kuiphunzira payokha.

Zimene zimachitika m'thupi

Mtima ndi mnofu waukulu ngati chibakera cha mwiniwake. Munthu akakhala phee, mtima umapopa malita pafupifupi 5 a magazi pa mphindi imodzi, ndipo umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100. Akamathamanga, umatha kupopa malita 20 kapena kuposerapo, chifukwa minofu ya miyendo imafuna mpweya wa okosijeni wochuluka, umene magazi amautenga m'mapapo. Munthu akamathamanga modekha katatu pa sabata, madzi a m'magazi amaonjezereka, mtima umayamba kukankha magazi ambiri pa kugunda kumodzi, ndipo timitsempha ting'onoting'ono tatsopano timamera m'minofu. N'chifukwa chake akatswiri a mitunda yaitali mtima wao umagunda ka 50 kapena kucheperapo akamapuma. Woyamba kumene angathe kudziyesa yekha m'maŵa asanadzuke pamphasa, poika zala ziŵiri pamkono pafupi ndi chala chachikulu ndi kuŵerenga kugunda kwa mphindi yathunthu. Pakapita miyezi iŵiri, kaŵirikaŵiri amapeza kuti chiŵerengerocho chatsika.

Msampha uli apa: mtima ndi mapapo zimazoloŵera msanga, m'masabata oŵerengeka, pamene mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu kumafupa zimatenga miyezi kuti zikhwime. Motero pa sabata lachitatu kapena lachinai munthu amamva kupepuka, mpweya ukumkwanira, ndipo mtima wake umamuuza kuti aŵirikize mtunda. Akamvera, msongolo umayamba kupweteka, kenaka bondo kapena mtsempha wa kuchidendene, ndipo nthaŵi zina fupa la phazi limachita kamng'alu. Ambiri amene amasiya kuthamanga amasiyira pamenepa. Chinanso choyenera kudziŵa n'chakuti thupi limalimba pa tsiku lopuma, pamene likukonza zimene zidaphwanyika dzulo lake. Wothamanga tsiku lililonse kuyambira pachiyambi amafanana ndi mlimi amene amafukula mbeu m'maŵa uliwonse kuti aone ngati yamera.

Ulendo uyambire kuchipatala

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi WHO mu 2009 adapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malaŵi muno, mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Vutoli lidapezeka kumidzi monga m'tauni momwe, ndipo ambiri ndithu sadali kudziŵa kuti ali nalo, popeza silipweteka. Kuyeza kumatenga mphindi zochepa. Ngati makina asonyeza 140/90 kapena kuposerapo pa masiku osiyana, munthuyo ayenera kulandira uphungu, ndipo mwina mankhwala. Kuthamanga modekha kumathandiza kutsitsa vutoli, koma kuchoka ndi liŵiro lonse magazi ali okwera kwambiri kungadzetse ngozi.

Tsono munthu amene wapyola zaka 40, wonenepa, wosuta fodya, wodwala shuga kapena mphumu, ndiponso amene m'banja mwao wina adamwalira mwadzidzidzi akadali wamng'ono, afotokozere achipatala cholinga chake asanayambe. Mai woyembekezera afunse kusikelo. Amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo ndipo ali bwino angathe kuthamanga monga wina aliyense. Amene wakhala akutsokomola kwa masabata aŵiri ayambe wayezetsa chifuwa chachikulu.

Kuchepa kwa magazi ndi mdani wina wobisika, makamaka kwa atsikana ndi amai. Munthu amene amatopa msanga, amamva chizungulire, ndipo m'zikhato ndi m'kati mwa zikope mwake mwayera, sangapirire ngakhale alimbikire chotani, chifukwa magazi ake satenga mpweya wokwanira. Malungo obwerezabwereza, njoka zam'mimba ndi likodzo ndizo zimayambitsa vutoli kaŵirikaŵiri, ndipo zonsezi zili ndi mankhwala kuchipatala. Lamulo limodzi lisaiŵalike: thupi likatentha, munthu asathamange. Wodwala malungo amalize mankhwala a LA masiku onse atatu, adikire mpaka chilakolako cha chakudya ndi mphamvu zitabwerera, ndipo poyambiranso abwerere m'mbuyo sabata limodzi kapena aŵiri pa ndondomeko yake.

Ndondomeko ya masabata 9

A zaumoyo a ku Britain amalimbikitsa ndondomeko ya masabata 9 imene yathandiza anthu ambiri osazoloŵera, ndipo siifuna ndalama. Munthu amatuluka katatu pa sabata, kusiya tsiku limodzi pakati, monga Lolemba, Lachitatu ndi Loŵeruka. Tsiku lililonse amayamba ndi kuyenda ndawala kwa mphindi 5 kuti thupi lifunde, ndipo amamalizanso ndi kuyenda. Pa sabata loyamba amathamanga mphindi imodzi, nayenda mphindi imodzi ndi theka, n'kumabwereza motero kwa mphindi 20. Pa sabata lachiŵiri kuthamanga kumakhala mphindi imodzi ndi theka, kuyenda mphindi ziŵiri. Sabata lachitatu amafika pa mphindi zitatu, lachinai pa mphindi zisanu. Pofika sabata lachisanu ndi chiŵiri amathamanga mphindi 25 osaima, ndipo sabata lomaliza mphindi 30, zimene kwa ambiri zimayandikira makilomita 5.

Wopanda wotchi kapena foni asadandaule. Phazi lamanja likaponda pansi ka 80 pothamanga modekha, ndiye kuti mphindi imodzi yatsala pang'ono kukwana kapena yakwana. Ena amaŵerenga mapolo a magetsi m'mbali mwa mseu. Bwalo la mpira la muyeso wathunthu kulizungulira kamodzi ndi mamita pafupifupi 350, motero maulendo atatu amapyola pang'ono kilomita imodzi. Ngati sabata lina lalemera, palibe cholakwa kulibwereza. Ndondomeko ya masabata 9 ikatha pa masabata 12, munthuyo sadataye kanthu.

Funso limene ambiri amalakwitsa ndi la liŵiro. Muyeso wake ndi moni. Wothamanga akakumana ndi munthu wamkulu panjira, ayenera kutha kupereka moni wonse, kuyankha za kunyumba ndi kufunsanso za ana, mpweya osamthera. Ngati akungotha kutulutsa liu limodzi, wathamangitsa, ndipo achepetse kapena ayende. Liŵiro lotere limachititsa manyazi poyamba chifukwa ana amatha kumpitirira akuseka, koma ndilo limamanga mtima ndi timitsempha tija. Ngakhale akatswiri a ku Kenya ndi ku Ethiopia mbali yaikulu ya mtunda wao wa pa sabata amaithamanga modekha. Amene akufuna makilomita 10 aonjezere miyezi ina iŵiri, akutalikitsa ulendo umodzi wokha pa sabata ndi mphindi zisanu. Za makilomita 21 kapena marathoni ya makilomita 42.195 ndi nkhani ya chaka china.

Zitunda za Ntchisi ndi Dowa

Dera lino ndi lokwera, lopyola mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo malo athyathyathya ndi osoŵa. Kuchokera kunkhalango ya m'phiri la Ntchisi dziko limatsetsereka kuloza kunyanja cha ku Nkhotakota, monganso limachitira kuchokera ku Mvera kupita ku Salima. Zitunda zimenezi ndi chuma kwa wothamanga wokhwima, pakuti zimalimbitsa miyendo ndi mtima popanda chipangizo chilichonse. Kwa woyamba kumene zimafuna ulemu. Masabata anai oyamba asankhe bwalo la sukulu kapena njira ya m'mbali mwa dambo. Akakumana ndi chitunda, achikwere choyenda. Pambuyo pake angayambe kuthamanga chitunda chachifupi kamodzi pa sabata, akuponda pafupipafupi.

Anthu ambiri amaopa chitunda naiŵala kuti chovulaza kwambiri ndi mtsetse. Potsika, thupi lonse limagwera pamaondo ndi pantchafu, ndipo ululu wake umamveka patapita tsiku limodzi kapena aŵiri. Potsika munthu afupikitse mapazi ndipo asadziponye. Nyengo nayonso iganiziridwe. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndiyo yabwino kuyamba, poti kunja kumazizira, zokolola zili m'nkhokwe ndipo ntchito ya kumunda yachepa. Mu Okutobala ndi Novembala athamange dzuŵa lisanatuluke kwenikweni kapena litapendeka. M'miyezi ya dzinja njira zakatondo zimaterera, khasu limatha mphamvu, ndipo m'mabanja ambiri chakudya chimachepa, motero si nzeru kuyamba ndondomeko yolemetsa mu Januwale kapena Febuluwale. Pamseu wa galimoto wothamanga akhale kudzanja lamanja kuti aziona zimene zikubwera kutsogolo kwake, ndipo avale chovala choŵala.

Chakudya, madzi ndi nsapato

Wothamanga safuna chakudya chogula m'sitolo. Nsima, mbatata ndi mbatatesi zimapereka mphamvu. Nyemba, soya ndi mtedza, zimene alimi a ku Ntchisi ndi Dowa amalima kwambiri, zimamanga minofu pamodzi ndi mazira ndi usipa. Bonongwe, chisoso ndi nkhwani zimathandiza magazi, makamaka munthu akadyera limodzi ndi chipatso monga gwafa kapena lalanje. Asathamange atangodya nsima, koma adikire maola aŵiri kapena atatu. Nthochi imodzi kapena phala pang'ono zimakwanira m'maŵa, ndipo akabwerako chikho cha thobwa chimabwezera mphamvu. Pa ulendo wa mphindi 30 sipafunika kunyamula madzi, bola amwe madzi aukhondo tsiku lonse monga ludzu limuuzira. Mkodzo ukakhala woyererako, madzi akwanira. Wotuluka thukuta asakasambe m'madzi odikha a padambo kapena padamu, chifukwa m'menemo ndimo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Pali chizoloŵezi china choopsa chimene chiyenera kutha, chomwa mapilitsi opha ululu monga bufeni mpikisano usanayambe. Mankhwala ameneŵa amabisa ululu umene ukadachenjeza munthu kuti aime, ndipo thupi likachepa madzi amatha kuononga impso ndi kuyambitsa zilonda zam'mimba. Kachasu ndi moŵa wina uliwonse zimaumitsa thupi, ndipo fodya amalanda malo a mpweya wabwino m'magazi.

Za nsapato, ambiri amakumbukira Abebe Bikila wa ku Ethiopia, amene adapambana marathoni ya Olimpiki ku Rome mu 1960 wopanda nsapato. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo imasonyeza kuti umphaŵi suletsa munthu kuthamanga. Koma Bikila adali atakonzekera kwa zaka, ndipo popambananso ku Tokyo mu 1964 adavala nsapato. Kumudzi phazi losavala limakumana ndi minga, magalasi osweka, matekenya ndi mphutsi za njoka zam'mimba zimene zimaloŵera pakhungu. Nsapato zakaunjika zofeŵa pansi, zosathina ku zala, ndi zokwanira. Zitsulo za mpira ndi nsapato zapulasitiki zimatupitsa matuza pamtunda wautali.

Pamene munthu ayenera kuima

Kuphwanya kwa minofu kumene kumatha pakapita masiku aŵiri n'kwachibadwa. Ululu wa malo amodzi pafupa, umene umakula munthu akamathamanga kapena kumtsimphinitsa, umafuna kupuma, ndipo ukapitirira sabata apite kuchipatala. Zizindikiro izi zimafuna kuti aime nthaŵi yomweyo ndi kukaonana ndi dokotala tsiku lomwelo: kupweteka kapena kuthina pachifuwa, mtima kugunda modumphadumpha, chidima m'maso, kukomoka, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Wothamanga akagwa kunja kukutentha, thupi lili moto ndipo akulankhula zosokonekera, anzake amuike pamthunzi, amthire madzi thupi lonse, amkupize, ndi kuthamangira naye kuchipatala. Wokomoka asammwetse kanthu.

Sabata lomaliza mpikisano usanachitike ndi lopuma. Munthu athamange kaŵiri kokha, mwachidule, agone mokwanira, ndipo pa tsikulo asavale nsapato zatsopano kapena kudya chimene sadazoloŵere. Kherere ikamveka aŵasiye othamangira kutsogolo apite. Ambiri mwa iwo adzaŵapeza panjira.

Udindo wa mudzi wonse

Mlandu wa mnyamata wadzitho uja suli pa iye yekha. Aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi makomiti amene amakonza mipikisano, monga ya pa chikondwerero cha ufulu pa 6 Julaye, kaŵirikaŵiri amalengeza kutatsala masiku oŵerengeka, ndipo nthaŵi zina amayambitsa mpikisano masana dzuŵa likuswa mtengo. Mpikisano uzilengezedwa kutatsala miyezi itatu, uzichitika m'maŵa, pazikhala madzi akumwa, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo aziitanidwa kuti akhalepo. Ana aang'ono asapatsidwe mtunda wa akuluakulu. Mphatso ikhalepo ya wopambana, koma aliyense womaliza ayamikiridwe.

Mudzi nawonso usinthe kalankhulidwe. Munthu wamkulu akamathamanga m'maŵa, anthu amamfunsa kuti akumthamangitsa ndani, ndipo akaima kuti ayende amamseka kuti walephera. Mtsikana amamva zoŵaŵa koposa, mpaka kuuzidwa kuti akamathamanga sadzabereka, chimene ndi bodza lopanda maziko. Dziko la Malaŵi lidayamba kutumiza othamanga ku Olimpiki mu 1972 ku Munich, ndipo umodzi mwa mendulo zimene dziko lino limanyadira pa liŵiro udabwera ndi mtsikana, Catherine Chikwakwa, amene adakhala wachiŵiri pa mtunda wa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse lapansi ku Grosseto, m'dziko la Italy, mu 2004. Atsikana ndi amai ofuna kuthamanga apangane aŵiri kapena atatu, kuti azilimbikitsana ndi kutetezana panjira, ndipo makolo ndi amuna ao aŵalole.

Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha. Kachilombo kameneka kamadumpha pang'ono, n'kutera, n'kudumphanso, mpaka munda wonse utatha. Amene wakhala pabenchi la chipatala lero kudikira dzina lake, ngati ali ndi mpikisano mumtima, apemphe kuti amuyeze kuthamanga kwa magazi asanabwerere kunyumba. Akauzidwa kuti zili bwino, Lolemba likudzali athamange mphindi imodzi, ayende mphindi imodzi ndi theka, ndipo Lachiŵiri apume.